Kaseti ya ku Chawama

Lero masana ndinakuona iwe Tamanda ndi mnzako uja wa ku Kalingalinga mutakhala pabenchi imodzi, aliyense timawaya take m'makutu, ndipo iwe unadina foni, mnzakoyo n'kugwedeza mutu, nyimbo yawoloka kale popanda wina kutsegula pakamwa. Sindikunyoza ayi, adzukulu anga, nthawi ndi yanu. Koma ndinakumbuka kuti masiku athu nyimbo inkayenda ndi miyendo, inkakwera basi m'thumba la jekete, ndipo pofika kwa mnzako inali itatentha ndi thukuta lako. Sendezani mipando, ndikuuzeni za kaseti imodzi.

Ndinachoka kwathu ku Katete nditangomaliza sekondale, ndipo kuyambira pamenepo kumudzi ndimangopitako pa maliro. Masiku amenewo, a mizere ya sopo ndi mafuta ophikira, tinali amuna anayi okonda nyimbo: ine wa kuno ku Mtendere, a Zulu a ku komboni ya George, a Tembo amene anabwerera kumudzi kalekale, ndi ba Mwansa a ku Matero, Mbemba wa ku migodi, mbuya wanga pa ubale wa nthabwala wa Abemba ndi ife akum'mawa, amene sankatha kundipatsa moni osandifunsa ngati ndadya mbewa zingati. Ine ndinkawabwezera za anyani amene timati Abemba amadya, ndipo tinkayamba choncho. Loweruka lililonse masana tinkakumana kwa iwo, chifukwa ndiwo anali ndi wailesi ya makomo awiri yokopera kaseti.

Tinali ndi malamulo athu, osalembedwa. Aliyense abwere ndi nyimbo imene anzake sanaimvepo. Kaseti isagone nyumba imodzi masabata awiri, ipite kwa wina, winayo aipereke kwa wina. Pachikuto uzilemba kumene unaimva, ndipo nyimbo yokoma kuposa zonse uziika kamtanda. Ndipo lamulo lalikulu linali lakuti ukapita kumene oimba akuimba pamaso, usapite wekha, utenge wailesi yojambula kuti anzako akamve nawo, pakuti timagulu tambiri ta m'makomboni tinkaimba chaka chimodzi n'kubalalika osasiya kanthu.

Tsono ine ndinamva za anyamata asanu oimba mu holo ina ku Chawama Lamlungu masana, a ng'oma ndi magitala osema okha. Vuto linali pakhomo: alonda ankalanda mawailesi. Agogo anu Esnati, amake Dalitso, ndiwo anapeza nzeru. Anati mlonda safufuza dengu la mzimayi, ndipo anaika wailesi pansi, pamwamba chitenje ndi mabanzi awiri, tinalowa ngati anthu ochokera ku tchalitchi. Anakhala nalo dengulo pamiyendo, n'kudina batani lofiira mmene ndinawaphunzitsira. Chimene sindinaganize ndi chakuti pakamwa papafupi ndi wailesiyo sipanali pa woimba, panali pa iwo.

Nditafika kunyumba ndinaika mabatire atsopano kuti ndimve. Nyimbo yoyamba bwino, yachiwiri bwino. Yachitatu, imene ndinali nditaiika kale kamtanda mumtima, pakati penipeni pamene gitala amalira yekha, ndinamva mawu pafupi ngati m'khutu: "Atate ake Dalitso, taonani wa gitalayo, nsapato zake zonse n'za phazi limodzi." Kenako kuseka, kuseka kwawo kuja kogwira pakamwa, ndipo atatha kuseka anayamba kupolokozana ndi oimbawo mpaka nyimbo kutha, ati inali yofanana ndi imene amayi awo ankaimba posinja.

Ana inu, ndinakwiya. Ndinawauza kuti ndayenda ulendo wonsewo kukajambula oimba, osati munthu amene ndimamumva tsiku ndi tsiku kwaulere. Mawu amenewo ndimawakumbuka bwino, chifukwa agogo anu anangotenga dengu lawo n'kukalipachika. Masiku awiri m'nyumba munali zii.

Loweruka ndinaitenga kasetiyo mwamanyazi, poti lamulo ndi lamulo. Anzanga anaseka mpaka misozi, ba Mwansa n'kumabwereza malo omwewo pozunguza tepi ndi cholembera, ati akum'mawa ngakhale pa nyimbo timangoyang'ana pansi kufuna una wa mbewa, n'chifukwa tinaona nsapato. Ine kuseka kwawoko ndinakumva ngati akuseka ine. Ba Mwansa anapempha kuti igone kwa iwo, ndinalola, koma ndinawalumbiritsa kuti asaikope. Itabwerera, ndinamata selotepi pa timabowo tija ta pamwamba, timene timaletsa kujambulanso, ndipo ndinajambulapo mpira wa pa wailesi. Mpira umene lero sindikumbuka kuti anapambana ndani.

Zaka zinapita, makaseti anatha, gulu lathu linatha, ndipo agogo anu anatisiya, ichi n'chaka chachinayi. Inu mukudziwa kuti foni sankaifuna, ukailoza kwa iwo ankabisa nkhope m'chitenje. Zithunzi zilipo, ndipo nkhope ndimaiona. Koma chaka chatha ndinadzuka m'mawa wina n'kuyesa kukumbuka mmene ankandiitanira, ndipo mawu sanabwere. Ndinkadziwa zimene ankanena, koma liwu lenilenilo linali litayamba kufufutika ngati inki ya pa chikuto chakale. Zaka makumi anayi za kulankhula, ndipo malo amodzi okha amene liwulo linagwidwa ndinawafafaniza ndi dzanja langa. Madzi akatayika saoleka, akulu anatero, koma munthu wamasiye amayesabe kuwola.

Ndinakwera basi kupita ku Matero. Ba Mwansa maso anafooka, koma pakamwa mpomwe paja. Atamva mawu anga anauza mdzukulu wawo kuti abise mbewa zonse za m'nyumba, mlendo wafika. Nditawafotokozera chimene ndadzera anati: "Mbuya, Mbemba akalumbira kwa wakum'mawa, sikulumbira. Ninakopa tsiku lomwe lija." Ndinagwira dzanja lawo osadziwa kuti ndiwathokoze kapena ndiwatukwane. Koma kasetiyo sinali kwa iwo. Lamulo lathu lomwe lija linaichotsa: itatha sabata anaipereka kwa a Zulu, ndipo poopa kuti ndingadziwe sanaifunsenso. A Zulu anamwalira kale, ndipo akazi awo anasamukira ku Kanyama kwa mwana wawo wamkazi.

Kanyama mukuidziwa, nyumba zilibe manambala oti mlendo n'kuwatsata. Ndinafunsa pamsika, ndinafunsa ku tchalitchi, tsiku lachiwiri ndinawapeza amayi Zulu akusankha nyemba pakhomo. Sitinkadziwana kwenikweni, chifukwa Loweruka lija linali la amuna. Anandilandira bwino, koma atamva za makaseti anapukusa mutu. Anati katoni yonse ya malemu anaisunga pansi pa bedi, ndipo chaka china madzi a mvula atalowa m'nyumba mpaka m'mawondo, zonse zinasanduka matope, anakataya. Ndinathokoza, ndinatenga chipewa changa.

Ndili pafupi kutuluka, anandifunsa kuti inali nyimbo iti imene ndayendera mtunda wonsewu. Ndinang'ung'udza pang'ono poyambira pake, ndi mawu anga okalambawa. Iwo anasiya lichero n'kuilandira, akuidziwa yonse, ndipo mwana wawo, mayi wamkulu wa ana ake, anatuluka m'nyumba manja ali thovu n'kulowa nawo. Anaimba ndime yoyamba, anaimba yachiwiri, ndipo atafika paja gitala amalira yekha, onse awiri anaima, anapendeketsa mitu, nanena pamodzi motsitsa: "Atate ake Dalitso, taonani wa gitalayo, nsapato zake zonse n'za phazi limodzi." N'kugwira pakamwa, n'kuseka.

Sanangonena mawu okha ayi. Anakoka "Dalitso" mmene agogo anu ankakokera, Chichewa cha ku Katete m'kamwa mwa mwana wobadwira ku George. Ndinakhalanso pansi. Amayi Zulu anati m'nyumba mwawo kasetiyo inkalira Lamlungu lililonse, ana anakula akuyesa kuti mawuwo ndi mbali ya nyimbo, ndipo mpaka lero wina akavala nsapato zachilendo amamunena choncho. Anati ankadabwa kuti mayi wosekayo anali ndani, ndipo atate ake Dalitso anaziona nsapatozo kapena ayi. Ndinawayankha kuti sanazione, anali otanganidwa ndi kumvera nyimbo.

Anandiuzanso kuti malemu a Zulu anakopera anthu ambiri, a ku George, a ku Chaisa, ena a ku ntchito kwawo. Ndiye kuti mwina m'katoni ina, pamwamba pa kabati ina, agogo anu akadali kuseka.

Tsono mverani. Mukamajambula nyimbo ndi mafoni anuwa, wina wapambali n'kulankhula, n'kutsokomola, n'kuseka pamalo olakwika, musafulumire kufufuta. Woimba mudzampeza kwina, koma wapambaliyo ndi mmodzi. Ndipo iwe Tamanda, poti dzanja lako ndi labwino, tenga kope ulembe zimene ndanenazi ndisanayambe kuziiwala, ukatha uzitumize mmene umatumizira nyimbo zako, mnzako apatse mnzake. Ulembe kuti pachikuto mwina palembedwa Chawama, ndi kamtanda pa nyimbo yachitatu. Amene ali nayo asaitaye, ngakhale tepi itadukaduka. Ndipo pansi pake usalembe dzina langa, palibe amene akulidziwa. Ulembe kuti akuifuna ndi atate ake Dalitso.