Mkamwini Wogona pa Thabwa

Linali Loweruka m'mwezi wa Febuluwale, chaka cha dzombe, belu la 4 koloko litangolira. Ndinali kapitawo pa esiteti ya tiyi kufupi ndi Luchenza. Tikuyeza masamba, miyendo yanga inangofooka, ndinagwa.

Msana unali utandipweteka kwa nthawi yaitali, thupi likutentha. Ndinkabisa ululuwo ndi kachasu. Kutchalitchi ndinali nditasiya. Ndinkati munthu wophunzira amadzidalira.

Ananditengera pa machira ku chipatala cha mishoni. Dokotala anandibaya ndi singano kuyambira ku zala za kumapazi kukwera m'mwamba. Sindinamve kanthu kufikira pa mchombo. Anati mafinya aunjikana m'fupa la msana, ndipo akupanikiza mtsempha waukulu woyendetsa miyendo. Anang'amba, nachotsa mafinyawo, nandimangirira pa thabwa chagada. Zoti ndidzayendanso sanalonjeze.

Abale, ine ndinali mkamwini. Nyumba, munda ndi ana zinali kwawo kwa mkazi wanga, Elube, ku Kapichi. Amalume ake anabwera kudzandizonda. Analankhula mwaulemu. Anati mkamwini wosagwira khasu amabwerera kwawo, ndipo mbumba yagwirizana kuti Elube asamabwere, ayambe kuzolowera. Mwambowo ndinkaudziwa. Sindinatsutse.

Miyezi inapita ndikuyang'ana denga. Ukapitawo sindinaulakalake. Ndinkangofuna kumva Elube akukalipira nkhuku pakhomo. Mayi aliyense akadutsa panja, ndinkatchera khutu kuti mwina ndi iye.

Pa thabwapo m'pamene ndinapemphera. Ndinati, Ambuye Yesu, kugwada sindingathe, ndilandireni chogona chomwechi, ndipo mundibwezere kwathu. Mtima unakhala pansi, miyendo isanasinthe.

Pa nthawi yokolola, chala chachikulu cha kuphazi chinamva singano. Kenako ndinaima ndi ndodo ziwiri. Mpaka lero ndi zomwezi. Sindinachire kwathunthu, ndipo ndimasirirabe anthu oyenda msanga.

Tsiku lotuluka ndinakonzeka zopita kwa alongo anga. Pakhomo pa chipatala ndinapeza Elube atakhala pansi, ataonda.

"Bambo a Yohane," anatero, "amalume anena zawo. Ine sindinakwatiwe ndi khasu. Tiyeni kunyumba."

Ambuye alemekezeke. Inu amene mwagona, musadikire kuti muime kaye. Muitaneni muli pomwepo.

Titafika, amalume sanandipatse moni. M'mawa mwake ndinapempha khasu la mpini waufupi, ndinakwawira m'munda wa mbatata wa apongozi, ndi kuyamba kupalira chokhala pansi.