Ndinagona pamalo pa matumba a mchenga

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye, makamaka amayi anzanga a Mvano kuno ku Domasi. Ambiri mukudziwa kuti ntchito yanga yophika pasukulu ina inatha mwadzidzidzi, ine ndili ndi ana anayi, bambo awo atatisiya kale. Koma simukudziwa kuti ndinatsala pang'ono kudzimiza ndekha m'nyanja ya Chilwa.

Chichokereni pantchitopo sindinkakhulupirira munthu aliyense. Wondipatsa moni ndinkati akundiseka, wondimwetulira ndinkati ndiye anandidyera miseche. Ndi mtima umenewo ndinayamba geni ya matemba, kukapikula pachilumba cha Chisi n'kudzagulitsa kwa Malemia.

Tsiku lina pobwerera ndinapeza bwato limodzi lokha, lathabwa, thanga lake lokolera mphepo losokedwa ndi matumba a feteleza. Mwini wake anali Che Saidi, mkulu wachiyao wosalankhulalankhula. Anthu ankati agogo ake ankayendetsa zombo za matanga zonyamula mchere ndi nsalu kunyanja yaikulu, ndipo anamusiyira chinsinsi choti bwato lake lisamire. Mawu oti chinsinsiwo sanandisangalatse ngakhale pang'ono.

Ndikulongeza madengu anga, ndinaona matumba anayi atagonekedwa pansi penipeni pa bwato. Ndinatenga kamtengo n'kubowola limodzi, munatuluka mchenga. Munthu wanzeru zake n'kuwolotsa mchenga panyanja? Ndinati basi, ili ndi dothi lakumanda, ndipo nsembe yake ndine. Che Saidi atapita kukatenga nsungwi yake yoyendetsera bwato, ndinatulutsa matumba atatu n'kuwaponya m'mabango, pamalopo n'kuikapo madengu. Mikono yozolowera kunyamula ufa wa ana asukulu sinavutike. Ndinapempheranso, kuthokoza Mulungu kuti wandionetsa msampha.

Tili pakati pa nyanja, dzuwa lili paliwombo, mwera unayamba. Matemba ouma salemera, abale, amangotenga malo. Bwato linapendekeka, madzi n'kuyamba kulowa, dengu limodzi n'kupita. Che Saidi anatsitsa thanga msangamsanga, nasuzumira pansi pa madengu, kenako anandiyang'ana.

"Mayi, matumba anga ali kuti?"

"Ndataya. Zamankhwala ine ayi."

"Mankhwala ati? Ndi mchenga wa pagombe uja! Katundu akapepuka, ndi umene umagwira bwato kuti lisagudubuke."

Chinsinsi cha agogo ake chinali chimenecho. Safunsa anadya phula, ndipo tsiku limenelo wodya phulayo ndinali ine. Ndinaona nkhope za ana anga, ndinalira mokweza kuti Ambuye musawalange anawa chifukwa cha uchitsiru wa mayi wawo.

Che Saidi sananditukwane. Anakankhira madengu kumbali nati, "Gonani pomwe panali matumbapo. Musadzuke mpaka nditanena."

Inu mumadziwa kukula kwa thupi langali, ena mumanditcha Mayi Gwaza ndikatembenuka. Ndinagona chafufumimba m'madzi onunkha nsomba, ndipo ndinamva bwato likukhazikika pansi pa mimba yanga. Mkulu uja anapalasa, napalasa, akupemphera m'chipembedzo chake, ine ndikupemphera m'changa, matope ali m'kamwa. Tinafika padoko la Kachulu titanyowa ngati nkhuku, koma amoyo.

Pamtunda ndinagwada kupepesa, manyazi atandigwira. Iye anangoseka nati, "Mwandibwezera matumba awiri ndi theka, theka lotsalalo mudzabweretse."

Ndikuthokoza Mulungu amene anandipulumutsa kudzera mwa munthu yemwe ndinamuyesa mfiti. Geni ija ikuyenda, ana ali pasukulu, ndipo bwato lomwe ndimakwera ndi lomwelo. Inu amene mwapwetekedwa mpaka mukuona mdani paliponse, limbani mtima, koma funsani musanataye. Cholemera china chimene mukupempha kuti Ambuye akuchotsereni, mwina ndi chomwe chikugwira bwato lanu. Ine masiku ano ndikafika pagombe la Chisi, ndimayamba ndadzaza matumba a Che Saidi ndi manja angawa. Amen.