Ndinaphunzitsa ndi Dzina la Mkulu Wanga

Abale ndi alongo, ambiri a inu mumandiitana kuti Enelesi. Ine ndine Dailesi. Enelesi ndi mkulu wanga.

Dziko lathu litangolandira ufulu, tonse awiri tinalemba mayeso a Fomu 2. Iye anakhoza, ine ndinalephera. Kalata yomuitana ku koleji ya aphunzitsi inam'peza ali ndi pakati, ndipo masiku amenewo wapakati sankamulandira. Amalume anati, "Malo asatayike. Nkhope zanu n'zofanana, adziwa ndani?" Ndisawanamizire amalume. Ndinkafuna ndine.

Zaka ziwiri ndinavomera dzina la mwini. Poyamba ndinkachedwa kuyankha, anzanga n'kumaseka kuti atsikana a kwathu kuchigwa ndi ogontha. Kenako ndinazolowera. Ndinalandira satifiketi, ananditumiza kusukulu ya kufupi ndi Jumbe. Ndikapita kwathu ku Kakumbi ndinkavala nsapato zoyera. Ndinkapeza mkulu wanga akutolera mapira amene njovu zasiya, ine n'kumamudandaulira kuti choko chikundiumitsa manja. Kunyada kwanga kunafika pamenepo.

Ndinakwatiwa, ndinabereka mwana wamkazi. Mantha anayambira pomwepo. Kuchipatala anamwino anafunsa dzina la mayi kuti alembe pakhadi, ndinatchula la Enelesi. Mwana wa masiku atatu, ndamuyambitsa ndi bodza. Galimoto ya boma ikaima pasukulu, ndinkasiya kulemba pabolodi. Mkaka unachepa. Ndikati ndipemphere ndinkalephera. Ndikanamuuza Mulungu kuti akupemphayo ndani?

Tsiku lina pa nthawi yopuma ndinaona Enelesi ataima pakhomo la kalasi, mapazi ali mbuu. Amuna ake anali atapita kumigodi osabwerako.

"Mwaswera bwanji, aphunzitsi?" anatero. "Ndinapita ku ofesi kukafunsa za koleji, pakuti akuti tsopano akulandira ndi amayi omwe. Atsegula buku, andiuza kuti ndine mphunzitsi kale, ndili ndi kalasi kuno. Ndiye ndati ndibwere ndidzawaoneko ana angawo."

Sanakalipe. Anapempha madzi, anamwa, n'kubwerera.

Milungu itatu ndinalimbana nazo. Amuna anga anati, "Ukaulula, mwanayu azidya choko?" Sanalakwe kufunsa. Koma m'kalasi bolodi ndinkangoliyang'ana. Masana ena ana ataweruka ndinatseka chitseko, ndinagwada pakati pa mabenchi, mwana ali kumsana. Ndinangoti, "Ambuye, ndine Dailesi. Ndinaba malo a mkulu wanga." Ndinalira mpaka mwanayo nayenso anayamba. Palibe chinagwedezeka, abale. Kungoti ndinadzuka ndikudziwa chochita.

Kuli mayi wina wolangiza aphunzitsi, wochokera kumpoto, amene amayendera masukulu athu. Atabwera ndinamuikira satifiketi patebulo, n'kumuuza zonse. Anaiwerenga. Kenako anati, "Simuli woyamba. Koma pepala ili si lanu, ndipita nalo."

Ndinaganiza kuti zathera pomwepo. Iye anang'amba tsamba m'kope langa, n'kuyamba kulemba njira. Ndilembenso Fomu 2 kudzera pa positi, m'dzina langa. Pakali pano ndiphunzitse ngati wosapita ku koleji, ngati akuluakulu avomera. Ndikakhoza, ndikayambirenso koleji. Za Enelesi, mayiyo anati awalembera yekha kalata akuluakuluwo. Kwa miyezi inayi sindinaloledwe kulowa m'kalasi, kenako yankho linabwera. Akuluakulu anavomera.

Sindibisa, ndatopa. Nyumba ya sukulu tinatulukamo. Amuna anga amandiyankha mawu amodziamodzi. Masamu ndinalephera ulendo woyamba, ndilembanso chaka chino. Enelesi ali ku koleji tsopano, ana ake awiri ndikusunga ndine. Sananene kuti wandikhululukira, ndipo sindimukakamiza. Koma khadi la mwana wanga tinakakonzetsa, ndipo galimoto ikaima pasukulu ndimapitiriza kulemba pabolodi.

Ndikuyamika Yesu, amene anandilandira ndilibe pepala lililonse m'manja. Ulemu ukhale kwa Iye.

Ndikudziwa kuti m'chigwa muno si ine ndekha. Mwina wina wakhala pabenchi pomwepa, nayenso akuyendera dzina la mwini. Yamba wamuuza Mulungu, Iye sadabwa. Mayi uja abweranso kusukulu kwathu Lachinayi. Ngati ukuopa kulowa wekha, undipeza pansi pa mtengo wa mango. Tidzalowa awiri.