Mbiri ya a Alufeo Kamtedza, mkamwini wa lizi

Malemu amene tawaperekeza lerowa ndi bambo Alufeo Kamtedza. Anabadwa m'chaka cha 1938 kufupi ndi Linthipe. Sukulu anaphunzira ku mishoni mpaka Sitandade 4, ndipo kenaka anapita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi. Anabwerako ndi njinga, jekete ndi mtima wosafuna kulamulidwa.

Mu 1963 anakwatira mayi Jestina a kuno ku Chongoni, ukwati wa mu tchalitchi cha Katolika, ndipo anakhala pachikamwini monga mwa mwambo wathu. Ife alamu awo tinawapatsa munda wa amayi athu, kuyambira kudimba mpaka kumtsinje. Kunena zoona, khasu analidziwa. Kachewere ndi kabichi wawo ankadzaza ngolo kupita pa Chimbiya. Koma dzina loti mkamwini linkawawawa, chifukwa mkamwini atha kuuzidwa tsiku lililonse kuti anyamule bulangete lake azipita.

Mu 1987 anatifotokozera za lizi. Anati boma likayeza munda ndi kuwalembera zaka makumi awiri ndi chimodzi, adzaloledwa kulima fodya wa bale, banki idzawakhulupirira, ndipo palibe adzalande malo a ana awo. Tinaona kuti ndi nzeru. Mayi Jestina, amene sadziwa kulemba, anadinda chala. Oyeza malo anabwera n'kuzika miyala ya simenti m'ngodya zonse, ndipo dzina limene linalowa m'buku la boma linali la a Kamtedza okha.

Zabwino zimene analonjeza zinabweradi, tisawanamizire. Nyumba ya malata inamangidwa, chigayo chinalira, ana awiri anafika ku sekondale. Chimene sitinadziwe n'chakuti malo akalowa lizi achoka m'manja mwa mbumba. Mu 1991 malemu anatenga mkazi wachiwiri, mayi Anjelina, ndipo mpingo unawaletsa masakramenti. Mayi Jestina atadandaula, anauzidwa kuti, “Pano mkamwini ndiwe.” Anachoka pamunda wa amayi awo atasenza mphasa, n'kukamanga kanyumba pamiyala m'mphepete mwa nkhalango. Izi zinatipweteka, ndipo zikutipwetekabe.

Matipate atabwera mu 1994, achinyamata a m'mudzi muno anaganiza kuti ufulu wafikanso kuminda, ndipo anakazula miyala ya malire a lizi ija. Anagona m'chitokosi, pakati pawo mwana wa malemu yemwe, Stefano. Atate ake sanapite kukamuona. Zaka zomwezo boma linalola aliyense kulima bale, mitengo ya fodya inagwa, koma lendi ya malo sinaleke kufunika chaka ndi chaka. Malemu anayamba kuzindikira kuti pepala limene linawachotsa pachikamwini linawasandutsa mlendo wa boma.

Chaka chatha anafa ziwalo mbali imodzi. Atatuluka m'chipatala, kunyumba ya malata anati alibe wowasamala, ndipo anawabweretsa pangolo ku kanyumba ka pamiyala. Mayi Jestina anawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwamwetsa phala mpaka Lachiwiri lapitali pamene anatisiya. Iwowo ndi amenenso anaitana ansembe kuti adzawadzoze mafuta.

Ena mwadabwa kuti mkamwini tikumuika kuno. Tinatumiza uthenga ku Linthipe, ndipo abale awo anayankha kuti maliro n'kulirana, malemu sanaponde pamaliro a kwawo chichokereni. Malemu ankafuna kugona pamunda wawo wa lizi, pafupi ndi chigafa cha fodya. Koma lizi ija anaisinthira kale m'dzina la mayi Anjelina, wogula wapezeka, ndipo tauzidwa kuti manda angagwetse mtengo wa malowo. Thupi linagona masiku awiri lopanda kolowera. Ndi mayi Jestina amene anagwada pamaso pa mbumba kupempha kuti bambo a ana awo apatsidwe malo m'manda athu ano. Tawapatsa. Palibe woyeza wabwera, palibe wadinda chala.

Malemu asiya mayi Jestina, amene akubwerera kumiyala, ana awo asanu, amuna awiri ndi akazi atatu, amene alibe polima, ndi zidzukulu zisanu ndi zinayi. Asiyanso mayi Anjelina ndi mwana mmodzi, amene sanathe kufika chifukwa lero wogula akuyendera malire.

Ambuye awachitire chifundo choposa chimene iwo anachitira ena, ndipo apumule mu mtendere.