Anasamala Impso za Makoswe, Zawo Anaziiwala

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1984, achiwiri m'banja la ana atatu. Bambo awo anamwalira mu 1996 ndi matenda otupitsa impso. Mu 2009 matenda omwewo anatenga achimwene awo. Madokotala anati ndi akumtundu, amayenda m'magazi.

Mu 2008 anamaliza maphunziro a sayansi. Mayi awo ankadikira kuti akhala dokotala wa anthu, koma anangomva kuti mwana wawo walembedwa ntchito yoweta makoswe. Anakalipa ndithu, poti ena tonse makoswe timawatchera misampha, osati kuwayezera chakudya pa sikelo.

Malemu anafotokoza kuti makoswe oyerawo amabadwa ndi vuto la impso lomwelo, ndipo mankhwala akagwira pa khoswe mwina adzagwiranso pa munthu. Zaka khumi ndi zisanu ankawaboola makutu kuti adziwe uyu ndi mwana wa yani, kuwayeza mkodzo, kulemba mibadwo yawo. Abale anawatcha Namakoswe, iwo n'kumavomera.

Mu 2012 anakwatiwa, ndipo anabereka ana awiri.

Mu Febuluwale 2023 miyendo inatupa. Adokotala anati agonekedwe, azitsukidwa magazi pa makina. Anakana. Kunatsala masabata asanu ndi limodzi kuti amalize kuyesa mankhwala, ndipo akuti khoswe akazolowera dzanja limodzi, lachilendo limamuopsa, zoyeza zonse n'kusokonekera. Mayi awo anapita kuntchitoko kawiri kukawakoka, koma unkhutukumve anautengera kwa mayi awo omwewo. Masabatawo anawamaliza. Pa 14 Epulo anagwa pakati pa makola a makoswe. Pa 22 Epulo anatisiya.

Asiya amuna awo, ana awiri, mayi awo ndi mng'ono wawo. Tikuthokoza anamwino amene anawasambitsa, ndi anansi amene anasunga ana.

Inu akuntchito, nkhata zanu zamaluwa taziona, zikomo. Koma musayese kuti mwathana nafe. Mwana woyamba wa malemu, mtsikana wa zaka khumi, madokotala amuyeza sabata yatha, impso zake zayamba kale kutupa. Mwanena nokha kuti makoswe amene anamwa mankhwalawo akadali moyo. Maluwa anuwa pofika Lachisanu akhala atafota. Agogo ake a mwanayu azifika pa geti panu mwezi ndi mwezi, ndipo tiyi wanu sakumufuna, mpaka mankhwalawo adzafike m'kamwa mwa mdzukulu wawo.

Usani mumtendere, Namakoswe. Mbali yanu mwagwira. Yotsalayi asiyireni mayi anu.