Laputopu ya Malemu Abusa Zikhale

Ine, Elube Zikhale, wa zaka 66, wa m'mudzi mwa Chimphepo, T/A Kalolo, m'boma la Lilongwe, namwino wopuma pantchito, wokhala ku Area 47, ndikunena izi.

Amuna anga, abusa Lemson Zikhale, anamwalira mu Febuluwale chaka chino. Anasiya laputopu yakuda, yosweka pakona. M'menemo muli pulogalamu yophunzirira Baibulo, yokhala ndi mabuku ambiri omasulira malemba, ena a Chigiriki, omwe ankagula pang'onopang'ono ku kampani ina yakunja. Laisensi yake inali m'dzina lawo.

Akudwala, anandiuza kuti mabukuwo ndidzawapatse a Frazer Nasoni, mlaliki wa kumpingo kwathu, omwe ankabwera kudzawerenga nawo pakhonde. Mawu awo anali akuti, "Gladson udzam'patse masuti. Chigiriki chingamudwalitse mutu." Gladson ndi mwana wathu woyamba, amagwira ntchito ku Mzuzu.

Lolemba lapitali ndinawaitana a Frazer. Tinalembera imelo kampaniyo, ine ndikunena, iwo akulemba. Inayankha kuti laisensi imatheka kusinthidwa dzina ngati mwini wake wamwalira, koma inafuna chikalata cha imfa. Ndinawapatsa ndekha chikalatacho kuti akachijambulitse ku Old Town, pamodzi ndi laputopuyo. Ndinaikulunga m'chitenje chifukwa kunkawaza mvula.

Dzulo ndinali ku msonkhano wa amayi ku Nathenje ndipo foni yanga inatha moto. Gladson anafika kunyumba ine osadziwa. Atasowa laputopu anafunsa mlonda wa nyumba yoyandikana nafe, yemwe anati Lolemba anaona mlaliki wa kumpingo kwathu akutuluka ndi kanthu kokulunga m'chitenje. Gladson anabwera kudzadandaula kuno kupolisi.

Lero m'mawa mayi Nasoni anandiimbira kuti amuna awo atengedwa ndi apolisi. Ndinakwera kabaza. Ndinawapeza a Frazer pa benchi akufotokozera wapolisi wina vesi la m'buku la Aroma, laputopu ili patebulo. Gladson anali ataima pakhomo. Nditamuuza zonse, anati iye ankafuna zithunzi za ukwati wa mlongo wake zomwe zili m'menemo, osati mabuku. Anavula chipewa n'kuwapepesa a Frazer, ndipo anagwirana chanza.

Kenako a Frazer anati kusintha dzinako kunaima chifukwa kampani imatumiza nambala yachinsinsi ku foni ya malemu. Gladson anayang'ana pansi. Anati simu ya bambo ake ili m'foni mwake, ndipo mauthengawo wakhala akuwafufuta poganiza kuti ndi akuba a pafoni. Wapolisi wa pakauntala analola kuti tiyatse laputopu. A Frazer anapempha nambala ina, inalowa pomwepo, ndipo Gladson anaiwerenga mokweza. Pamwamba pa pulogalamuyo panaoneka dzina la Frazer Nasoni. Apolisi awiri anawomba m'manja.

Palibe chomwe ndaberedwa. Laputopuyo ndinapereka ndine, motsatira mawu a amuna anga. Ndikupempha kuti ibwezedwe kwa a Frazer lero lomwe, chifukwa a Frazer akulalikira Lamulungu likudzali ndipo ulaliki wawo uli m'menemo, sanaumalize. Gladson wati akakhala pa benchi yakutsogolo m'tchalitchi.

Zomwe ndikudziwa pankhaniyi ndi zomwezi. Andiwerengera ndipo ndavomereza.

Wosaina: Elube Zikhale ____________________