Chithunzi cha Pakhosi pa Ndaziona

Abale ndi alongo, ine ndinali mayi wotcheza kachasu kumapiri a Ntchisi. Mwamuna wanga anapita ku Joni kukafuna ndalama za msonkho, osabwerako. Ndinkatcheza, ndinkagulitsa, ndinkamwanso. Pakamwa panga pankaopedwa m'mudzi monse.

Mlamu wanga Naphiri, mkazi wa achimwene, anali Mkhristu. Ndinkamuda chifukwa sankalawa mowa wanga.

Tsiku lina masana, anthu atadzaza pakhomo, mwana wanga Ndaziona anayamba kutsamwa. Anali ndi zaka zitatu. Dovu linkangotuluka. Phala ankabweza, ngakhale madzi ankavutika kumeza.

Ndinakumbukira kuti m'mawa Naphiri anamupatsa mbatata. Ndinathamangira kwawo, ndikudzandira.

"Mfiti iwe! Wamudyetsa chiyani mwana wanga?"

Mudzi wonse unamva. Anyamata anayamba kutola miyala. Naphiri anangolowa m'nyumba mwake.

Masiku awiri anapita. Zitsamba sizinathandize. Mwana anafooka, maso analowa. Tsiku lachitatu Naphiri anafika ndi nsalu yoberekera.

"Alamu, mudzanditukwane pobwera. Tiyeni kuchipatala."

Tinayenda wapansi mpaka kuchipatala cha mishoni, tikulandizana mwana kumsana. Dokotala wachizungu anamuyang'ana kukhosi, napukusa mutu. Womasulira anati: "Pali chimene chatsakamira, koma maso sakufikapo. Mupite ku Lilongwe. Kuli makina ojambula m'kati mwa thupi."

Pa Mponela tinakwera lole ya fodya. Njira yonse ndinkaika dzanja pachifuwa pa mwana, kumvera ngati akupuma.

Pakhonde la chipinda chojambulira tinapeza anthu. Bambo wina wochokera kumigodi ankatsokomola magazi. Wina ngolo inamuthyola ntchafu. Mayi wina chotupa chinamukula m'mimba. Aliyense ankadikira kuuzidwa chimene chili m'kati mwake. Ine ndinkadikira kuti makina agwire mfiti.

Anamugoneka Ndaziona pathebulo lozizira. Makina analira pang'ono, basi. Kenaka wothandiza dokotala anatiitana, nakweza chithunzi chakuda pawindo. Ndinaona tinthiti ta mwana wanga. Pamwamba pake panali kanthu koyera, kozungulira, koboola pakati.

"Mayi, ili ndi kobiri," anatero wothandiza dokotala. "Analitenga kuti?"

Ndinakumbukira. Tsiku lija Ndaziona ankalira, kundikoka nsalu pamene ndinkathirira anthu mowa. Ndinamuponyera kobiri kuti aziseweretsa, andisiye. Ndine ndinamupatsa, ndi dzanja langali.

Naphiri anali pambali panga. Nayenso anaona. Ndinadikira kuti alankhule. Anangondigwira paphewa.

Madokotala anamutenga mwana kuti akamugonetse ndi mankhwala, achotse kobirilo. Anatiuza poyera kuti wafooka kwambiri, mwina sadzuka. Chitseko chinatsekedwa.

Ndinagwa pansi pakhonde pomwepo. Kupemphera sindinkadziwa.

"Alamu, ndiphunzitseni. Ndinene chiyani?"

"Nenani zoona zokhazokha. Mulungu amva."

Ndinanena zonse. Za mowa, za bodza, za miyala imene anatolera munthu wosalakwa chifukwa cha ine. Ndinati, Yesu, ngati mumalandira anthu onga ine, ndabwera. Mantha sanathe, koma sindinalinso ndekha.

Dzuwa litapendeka anatiitana. Kobiri lija anali atalichotsa, ndipo Ndaziona anali maso. Ndi mawu osasa anati, "Amayi, madzi." Anamwa kapu yonse.

Titabwerera kumudzi ndinasonkhanitsa anthu omwe aja. Ndinagwada pamaso pa Naphiri, ndinaulula kuti ndinamunamizira. Ena anaseka. Miphika yotchezera ndinaiphwanya tsiku lomwelo. Chilakolako cha mowa chinandizunza miyezi yambiri, sindikubisirani, koma Ambuye anandigwira dzanja. Ndinalowa kalasi ya kutchalitchi, ndinabatizidwa. Ndaziona lero ali ndi ana ake anayi.

Mulungu alemekezeke, amene sanandilange monga mwa zochita zanga.

M'bale, mlongo, mwina pali munthu amene mukumusenzetsa mlandu wanu. Musadikire tsiku longa langa. Bwerani kwa Yesu lero, mumuuze zoona. Akulandirani.